Momwe mungaphunzitsire galu wanu kuvina nanu

Galu samva nyimbo monga timaimvera ife. Ng'oma ikalira, iye sadziwa kuti apa m'poponda, apa m'potembenuka. Chimene amawerenga ndi thupi la mbuye wake: dzanja lalowera kuti, phewa lapendekera mbali iti, mawu atuluka motani. Ndiye mukaona pa foni galu akuzungulira, kudutsa m'miyendo ya mwini wake, kubwerera chafutambuyo ndendende ndi kugunda kwa nyimbo, dziwani kuti amene akutsata nyimboyo ndi munthuyo. Anasankha nyimbo yogwirizana ndi mayendedwe a galu wake, anamuphunzitsa tizidutswa ting'onoting'ono, kenako n'kutilumikiza.

Masewerawa si akale. Anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1990, pafupifupi nthawi imodzi ku Canada, ku England ndi ku America, pakati pa anthu amene ankapikisana kale pophunzitsa agalu kumvera. Ku England dzina lomveka ndi la mayi Mary Ray, amene kwa zaka zambiri ankavina ndi agalu awo pa chionetsero chachikulu cha agalu cha Crufts mumzinda wa Birmingham. Kumeneko masewerawa ali ndi nthambi ziwiri. Ina ndi heelwork to music, pomwe galu amakhala nthawi yambiri ataphatikana ndi mwendo wa mwini wake. Ina ndi freestyle, pomwe amaloledwa kutalikira, kudumpha ndi kuchita zina zosiyanasiyana. Mu 2012 mtsikana Ashleigh Butler ndi galu wake Pudsey anapambana mpikisano wa pa kanema wa Britain's Got Talent, ndipo mu 2023 Adrian Stoica wochokera ku Italy anapambana America's Got Talent ndi galu wake Hurricane.

Agalu ambiri a m'mipikisano yotereyi ndi a mtundu wa Border Collie, oweta nkhosa, ndiye anthu kuno ku Kasungu amafulumira kunena kuti awo ndi agalu achizungu, athuwa sangathe. Ine zimenezo ndimakana. Galu wathu wakumudzi, wa khutu lina loimirira lina logwa, amene amamva likhweru la mbuye wake ali kutsidya kwa dambo, amene amasiyanitsa kulira kwa njinga ya pakhomo ndi njinga zonse za kabaza zodutsa mumsewu, nzeru ali nazo zokwanira. Ndi wopepuka, miyendo ndi yaitali, dzuwa amalipirira kuposa agalu aubweya wambiri. Chimene amasowa ndi munthu womulankhula alibe mwala kapena chikuni m'manja. Galu amene wakula akungomva "Choka!" amayenera kuyamba wataya mantha asanaphunzire china chilichonse, ndipo pa zonse zimene ndilembe pano palibe pofunika mkwapulo.

Yambani ndi thupi lake

Kuvina ndi galu ndi kukhala naye pafupi kwambiri: zala zanu pakamwa pake, ana akumuzungulira. Choyamba ndi katemera wa chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu 100 alionse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo zizindikiro zikangoonekera matendawa sachizika. Kagalu kamabayidwa kakakwanitsa miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya vetenale pa boma, ndipo kumbukirani kuti pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe pa dziko lonse. Kachikalata ka katemera mukasunge, chifukwa tsiku limene mudzavine pagulu wina adzakafunsa. Dzino la galu amene katemera wake simukumudziwa likakulasani, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala a njoka za m'mimba muzimupatsa miyezi itatu iliyonse. Muyang'aneni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, utitiri m'mimba, mphutsi pakhungu ngati amagona pa dothi lachinyezi. Galu amene akuyabwidwa sangakuyang'anitsitseni. Amene muli kufupi ndi nkhalango ya Kasungu National Park mukudziwa kale za kashembe. Ntchentche imeneyi imadwalitsanso agalu, ndiye galu wofooka, wotentha thupi, maso ayamba kutuwa, ndi wopita naye kwa a vetenale, osati wophunzitsa kuvina.

Msinkhu nawo ndi nkhani. Kagalu ka miyezi itatu kakhoza kuphunzira dzina lake, kukhala pansi ndi kutsatira dzanja. Koma kudumpha ndi kuimirira ndi miyendo yakumbuyo yokha mudikire akwanitse chaka, ndipo agalu amitundu ikuluikulu chaka ndi theka, mafupa akhwime. Ngakhale atakula, kuyenda ndi miyendo iwiri kumalemetsa msana ndi mawondo. Anthu amakuombera m'manja kwambiri, koma ine ndimati kusiyeni, kapena kukhale kwa kamphindi chabe. Galu wachikulire amaphunzira bwinobwino, bola mumusankhire zofewa.

Nyambo

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Galu sagwira ntchito yaulere, ndipo nsima yotsala si malipiro: amaidya tsiku ndi tsiku, imachedwa kumezeka, imamata m'zala. Mufuna chinthu chonunkhira, chaching'ono, choti ameze nthawi yomweyo maso ali kwa inu. Usipa wouma kapena bonya ndiye woyenera. Nsomba imodzi muithyole pawiri kapena patatu. Chiwindi cha nkhuku kapena cha mbuzi chowiritsa opanda mchere, n'kuchidula tizidutswa tosaposa njere ya chimanga, chimaposa zonse. Dzira lowiritsa nalo limagwira ntchito. Khalani ndi mitundu iwiri: usipa wa zinthu zimene akuzidziwa kale, chiwindi cha chinthu chatsopano kapena chovuta. Galu amazindikira kusiyana kwake msanga, ndipo mudzaona makutu ali njo tsiku la chiwindi.

Nyamboyo muisunge m'thumba la malaya kapena m'kachikwama ka m'chiuno. Musaiike m'jumbo, chifukwa akazolowera phokoso la jumbo adzayamba kumvera jumboyo m'malo mwa inu.

Pali zina zoti zisafike pakamwa pake: anyezi, adyo, chokoleti, mphesa, mafupa a nkhuku ophika amene amasweka n'kulasa m'matumbo, ndi zotsala za pa chiwaya zodzaza mchere ndi tsabola. Kuno timalima mtedza wambiri, ndiye wina aganiza zowupereka ngati nyambo. Wabwino, wokazinga opanda mchere, pang'ono, palibe vuto. Koma uja wosankhidwa pambali, wachuku, umene mwaukana inu eni, musamuponyere galu. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo agalu amawapha msanga. Chimodzimodzi gaga wachuku. Fodya nayenso ndi poizoni kwa galu, ndiye musaphunzitsire pafupi ndi chigafa kapena pomwe mukusankhira masamba, chifukwa kamphuno kofunafuna usipa wogwa pansi kamatola china chilichonse.

Nyambo yonse ya tsiku isapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake. Phunzitsani asanadye chakudya chamadzulo, ali ndi kanjala, koma musamumane chakudya tsiku lonse poti amvere. Galu wanjala yoopsa amangolumpha dzanja, mutu sugwira. Agalu ena amakonda kusewera kuposa kudya. Oterowo apotereni chingwe cha nsanza, mphotho yawo ikhale kukokana nanu kwa kanthawi.

Malo ndi nthawi

Bwalo ladothi losesedwa bwino ndiye malo abwino. Simenti yopaka polishi ndi matailosi zimaterera, galu akatereka kamodzi akuzungulira sadzafunanso. Tolani minga ndi magalasi. Nkhuku ndi mbuzi zikhale kutali masiku oyambirira.

Phunziro limodzi lisapitirire mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu pa tsiku. Zikumveka zochepa, koma galu amaphunzira bwino mwa kubwereza pafupipafupi kusiyana ndi ola lathunthu Lamlungu lokha. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, choncho mu Okutobala ndi Novembala phunzitsani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka. Ikani kuseri kwa dzanja pansi kwa masekondi 5. Ngati mukupsa, mapazi ake akupsanso. Madzi akhale pafupi. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino kuyambira, ntchito ya kumunda itachepa.

Liwu loyamba ndi "Eya!"

Musanaphunzitse kuvina kulikonse, galu adziwe liwu limodzi lomuuza kuti chimene wachita pa mphindi imeneyo ndicho cholondola ndipo malipiro akubwera. Kunja amagwiritsa ntchito kachipangizo kolira kotchedwa clicker, kamene mayi Karen Pryor a ku America anakatchukitsa pakati pa ophunzitsa agalu. Ife sitikasowa. Bolopeni yodina imalira mokwanira, koma liwu la pakamwa ndi labwino koposa chifukwa povina manja amakhala ndi ntchito. Sankhani lalifupi, lotuluka chimodzimodzi nthawi zonse. Ine ndimati "Eya!"

Khalani pansi ndi galu pamalo a phee. Nenani "Eya!", pomwepo mupatseni kachidutswa. Dikirani ameze, ayang'ane kwina, nenaninso, mupatseninso. Chitani kakhumi, n'kusiya. Pakatha masiku awiri kapena atatu muyeseni: akuyang'ana kumbali, nenani liwulo. Akatembenuka msanga n'kukuyang'anani dwii, wamva. Lamulo lake ndi ili: liwu limayamba, dzanja limalowa m'thumba pambuyo, ndipo mukanena "Eya!" muyenera kulipira ngakhale mwalinena molakwitsa. Liwulo lituluke mkati mwa sekondi imodzi chichitikire chinthucho. Mukachedwa, mwalipira china. Galu wakhala pansi, inu mwachedwa, wadzuka, ndiye mwati "Eya!": mwamuphunzitsa kudzuka.

Sankhaninso liwu lomumasula, monga "Basi", kuti adziwe pamene ntchito yathera. Ndipo mawu onse amene mudzagwiritse ntchito asafanane kamvekedwe. "Bwera" ndi "Bwerera" kwa galu ndi liwu limodzi. "Gona" ndi "Gwada" amasokonezanso. Apabanja onse agwirizane mawu omwewo, makamaka ana.

Kuyenda pambali panu

Ichi ndicho msana wa gule yense, ndipo ndi pamene muyenera kutayapo nthawi yochuluka. Galu amene sangayende masitepe 20 phewa lake lili pa bondo lanu, maso ali kwa inu, sangavine, ngakhale atadziwa kuzungulira kokongola motani.

Yambani muli chiimire. Galu akhale kumanzere kwanu. Gwirani nyambo m'dzanja lamanzere pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, dzanjalo likhale pa msoko wa thalauza, pa msinkhu wa mphuno yake. Akabweretsa mphuno pamenepo, thupi lake litayang'ana komwe mwayang'ana inu, "Eya!", mulipireni pomwepo pa msokopo. Malo olipirira ndi ofunika kwambiri: galu amabwerera pomwe chakudya chimatulukira. Mukamalipira kutsogolo kwanu, adzayamba kukudutsani n'kukupingani miyendo.

Kenako pondani sitepe imodzi ndi mwendo wamanzere. Akasuntha nanu, "Eya!" Sitepe imodzi yokha, kangapo. Mawa ziwiri, mkuja zitatu, kenako muzisinthasintha kuti asadziwe kuti malipiro abwera pa sitepe iti. Akayamba kutsalira kapena kununkhiza pansi, mwathamanga. Bwererani pa nambala imene amaitha. Zikakhazikika, onjezani liwu loti "Pano" musanayambe kuyenda. Mukatero phunzitsani kukhota kumanja, kukhota kumanzere, kuyenda mozungulira, kuyenda pang'onopang'ono ndi kuthamanga pang'ono. Pomaliza bwerezani zonse ali kumanja kwanu, ndi liwu lina, monga "Uku". Galu wodziwa mbali zonse ziwiri amakupatsani ufulu waukulu pokonza gule, komanso thupi lake silipendekera mbali imodzi.

Bambo ena achikulire oyandikana nafe ataona ndikuyenda uku ndi uku pabwalo ndi galu wanga Mphepo anaima pa mpanda n'kundifunsa kuti, "Kodi mwanawe, galu womudyetsa m'manja chotereyu adzauwanso akuba?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, bwerani usiku mudzagogode, mudzamva nokha." Funso lawo ndi la anthu ambiri ndipo n'lomveka, chifukwa galu pakhomo ndi mlonda. Koma kuuwa mlendo usiku ndi chibadwa, sikuchoka chifukwa cha usipa. Chimene chimasintha n'chakuti mukamuitana amabwera, mukamuletsa amasiya, ndipo mwana wa eni wobwera kudzapala moto salumidwa.

Tizidutswa ta gule

Tsopano zokometsera. Phunzitsani chimodzi pa nthawi, nyimbo isanalowe.

Kuzungulira ndiko kosavuta. Galu ataima patsogolo panu, ikani nyambo pamphuno pake n'kuikokera pang'onopang'ono chakumchira, pa msinkhu womwewo wa mphuno. Mukakweza dzanja akhala pansi kapena adumpha. Poyamba lipirani akangopinda khosi, kenako akafika theka, kenako akamaliza. Mbali imodzi muitche "Zungulira", inayo "Tembenuka". Pafupifupi galu aliyense ali ndi mbali imene amaikonda. Yovutayo muipatse chiwindi. Musamuzungulitse kambirimbiri motsatizana, amachita chizungulire.

Kudutsa m'miyendo ndiko kumene anthu amakukonda, ndipo kumafuna kuti inuyo muyambe mwadziwa mwendo woponda. Galu ali kumanzere. Pondani patsogolo ndi mwendo wamanja, sitepe yaikulu, n'kuima. Dzanja lamanja lili ndi nyambo. Litsitseni kuchokera kumanja kwanu, kuseri kwa bondo lamanjalo, kuti galu aione kudzera pampata wa miyendo. Akalowetsa mutu, kokerani dzanja kunja, adutse, "Eya!" Tsopano ali kumanja. Pondani ndi mwendo wamanzere, dzanja lamanzere lichite chimodzimodzi. Mwendo wotalikirana ndi galu ndiwo umapita patsogolo, nthawi zonse. Agalu amantha amakana kulowa pansi pa munthu, makamaka amene anamenyedwapo mateche. Woteroyo musamukankhe. Imani mutatangadza, ponyani usipa pansi pakati pa mapazi anu, muyang'ane kumbali, adzitolere yekha. Masiku angapo otere amachotsa manthawo. Amayi ovala chitenje kapena siketi yaitali, gawo ili mukhoza kulisintha: galu azizungulira thupi lanu lonse, kapena ndodo imene mwaizika pansi ndi dzanja, ndipo zimaoneka bwino chimodzimodzi.

Kubwerera chafutambuyo kumatenga nthawi chifukwa agalu ambiri saganizira za miyendo yawo yakumbuyo. Ikani benchi motsatana ndi khoma kuti pakhale kanjira kopapatiza. Lowetsani galu, inu muime patsogolo pake, nyambo ili pansi pa chibwano chake chakuchifuwa, n'kusendera kwa iye pang'ono. Maso anu akhale pa mwendo wakumbuyo. Ukangosuntha, "Eya!", n'kuponya nyamboyo pakati pa miyendo yake yakutsogolo kuti abwererenso poitola. Liwu lake likhale "Mbuyo". Akafika masitepe asanu mowongoka, chotsani benchi.

Kuwerama, chifuwa pansi matako m'mwamba, galu aliyense amachita yekha akamadziwongola podzuka. Khalani ndi usipa m'thumba m'mawa, akangodziwongola, "Eya!" Njira ina ndi kutsitsa nyambo kuchokera pamphuno mpaka pansi pakati pa mapazi akutsogolo, n'kuikankhira chakumbuyo pang'ono. Zigongono zikakhudza pansi nenani liwu msanga matako asanagwe, n'kuponya nyambo patsogolo kuti adzuke. Ichi ndimachitcha "Ulemu", ndipo ndicho chotsekera gule.

Kupereka dzanja n'kwachidule: fumbatani nyambo, ikani chibakera pafupi ndi phazi lake, akachikanda lipirani. Akadziwa mapazi onse awiri, sinthani chizindikiro kuti chikhale bondo lanu: mukakweza bondo ili akweze phazi ili, mukakweza linalo akweze linalo. Mukatero muli ndi perete wa anthu awiri.

Kuchotsa nyambo m'dzanja

Chidutswa chilichonse chikatheka kasanu kapena kakhumi ndi nyambo, chotsani nyamboyo m'dzanja lotsogolera. Dzanja liyende monga kale koma lopanda kanthu, akachita, "Eya!", malipiro achokere m'thumba. Mukachedwa kuchita zimenezi mudzakhala ndi galu amene amayamba wanunkhiza zala, akapeza mulibe, n'kuchokapo.

Liwu la lamulo lilowe chinthucho chitayamba kutheka. Nenani liwu, dikirani sekondi imodzi, kenako dzanja. Mukazichita pamodzi galu amaona dzanja lokha, liwulo salimva. Pang'onopang'ono chepetsani chizindikiro cha dzanja, mudzuke pomwe munawerama, mpaka kuzungulira kuzichitika ndi kugwedeza kwa chala kapena phewa. Apa ndi pamene maphunziro amasanduka gule, chifukwa oonerera amaona munthu akuvina, pamene galu akuona malamulo. Kenako yambani kulipira pakatha zinthu ziwiri, kenako zitatu, nthawi zina chimodzi, osatsata ndondomeko yoti aiwerenge.

Muzimuwerenga nayenso. Galu wamkota sakandira pachabe: akayamba kudzikanda pakati pa phunziro alibe utitiri, kuyasamula asali ndi tulo, kunyambita milomo, kutembenuzira mutu kumbali, kupinda mchira, akukuuzani kuti zamukulira kapena watopa. Mupempheni chinthu chimodzi chosavuta, mulipireni, nenani "Basi". Akalakwitsa, musakalipe, khalani chete, yambiraninso, ndipo akalephera kawiri motsatizana fewetsani chimene mukupempha.

Nyimbo

Muyambe mwamuzoloweza kumva nyimbo akudya kapena akusewera, motsitsa. Galu amamva mawu oonda kwambiri amene ife sitiwamva: pa muyeso wake wa mahertz, makutu a munthu amalekeza pafupifupi pa 20,000, a galu amapitirira 40,000, ndipo phokoso limene ife timaliona labwinobwino kwa iye likhoza kukhala lopweteka. Kasipika ka Bluetooth kapena wailesi ikhale patali, osati pansi pafupi ndi mutu wake.

Posankha nyimbo, yambirani kwa galu. Pemphani wina akujambuleni pa foni mukuyenda naye pa liwiro limene iye amaoneka womasuka, kaja kothamanga pang'ono mchira uli m'mwamba. Poonera, werengani kuti mapazi ake akutsogolo agunda pansi kangati m'masekondi 15, n'kuchulukitsa ndi 4. Mwachitsanzo akagunda ka 30, ndiye kuti ndi 120 pa mphindi. Kenako mverani nyimbo zanu mukuomba m'manja motsata ng'oma, muwerenge chimodzimodzi, musankhe yoyandikira nambala imeneyo. Njira yachidule ndi kuonera kavidiyoko mutatseka mawu, nyimbo ikulira pa foni ina. Yogwirizana mudzaiona ndi maso, galuyo adzaoneka ngati akuiponda dala. Galu wamng'ono amafuna yofulumira, wamkulu yodekha.

Magule athu ali ndi zambiri zotithandiza. Mganda, umene unachokera ku perete wa asilikali, uli ndi kugunda kosasintha, mizere yowongoka, kupita patsogolo ndi kubwerera, ndipo umagwirizana kwambiri ndi kuyenda pambali, "Mbuyo" ndi kukweza mapazi. Chimtali ndi cha bwalo lozungulira, choyenera galu wokonda kuzungulira mbuye wake. Chenjerani ndi nyimbo zokhala ndi wezulo kapena malikhweru ambiri ngati galu wanu munamuzoloweza kumuitana ndi likhweru. Za gule wamkulu zisiyeni. Ali ndi eni ake ndi malo ake, ndipo kuvinitsa galu nyimbo zake kapena kumuveka zofanizira ndi chipongwe chimene chingakufikitseni pabwalo la amfumu. Nyimbo za maliro ndi za mapemphero nazonso si zoseweretsa.

Gule woyamba asapitirire mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Ngakhale m'mipikisano ya ku England sapitirira mphindi 4. Anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi pa boma, pa Santhe, pa Mtunthama kapena pa Nkhamenya ali ndi makompyuta. Apempheni akudulireni nyimbo pamalo pomwe ikuthera bwino.

Kulumikiza

Galu mumusiye kaye pamthunzi. Mverani nyimboyo kambirimbiri, mulembe papepala zigawo zake: poyambira, ndime, kolasi, pothera. Pa ndime ikani kuyenda pambali, pa kolasi ikani zokometsera, pomwe ng'oma yadukiza ikani kuzungulira. Vinani nokha pabwalo, mukunena malamulo mokweza ngati galu alipo, mpaka miyendo yanu iloweze. Kumbukirani kuti lamulo liyenera kutuluka kugunda kumodzi kapena kuwiri nthawi yake isanakwane, chifukwa galu amafuna kanthawi kuti amve ndi kuyamba. Onaninso kuti chidutswa chilichonse chikumusiya mbali iti. Akatuluka m'miyendo ali kumanja, chotsatira chiyambire kumanja.

Pobweretsa galu, yambirani kumapeto. Phunzitsani masekondi 10 omaliza, othera pa "Ulemu", n'kumupatsa mphotho yaikulu, tizidutswa tambiri motsatizana. Zikakhazikika onjezani chigawo chimene chimabwera masekondi omalizawo asanafike, n'kupitiriza mpaka pa "Ulemu" pomwe paja. Chitani choncho mpaka mufike poyambira. Ubwino wake ndi wakuti galu akamapita mkati mwa gule amalowa m'zimene amazidziwa bwino koposa, ndipo mphamvu zimakwera m'malo motsika. Gule yense musamubwereze tsiku lililonse. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Masiku enawo konzani tizigawo, apo ayi galu amaloweza n'kuyamba kukutsogolerani, kuzungulira musanamuuze.

Kupita pagulu

Galu amene amavina bwino kuseri kwa nyumba amatha kuiwala zonse kutsogolo kwa nyumba yomweyo. Kwa iye malo atsopano ndi phunziro latsopano. Sinthani malo pang'onopang'ono: kumpanda kwina, kudimba, pabwalo la mpira kulibe anthu. Pamalo alionse atsopano bwererani ku zosavuta ndipo lipirani mowolowa manja. Oonerera oyamba akhale apabanja, atakhala pansi chete. Kenako auzeni aombe m'manja, kenako alulutire, inu mukumudyetsa chiwindi nthawi yomweyo, kuti nthungululu ikhale chizindikiro cha zabwino.

Mukaitanidwa pa tsiku la zochitika kusukulu kapena pa chinkhoswe, fikani msanga kuti anunkhize malowo, akodze, amwe madzi. Akhale pa chingwe mpaka nthawi yovina, ndipo abwererepo akangomaliza. Kambiranani ndi woimba nyimbo kuti atsitse zimasipika, muime patali nazo. Ana auzidwe kuti asamuthamangire. Amene akufuna kumugwira abwere mmodzimmodzi, galuyo akalola. Ngati pali agalu ena oyendayenda, kapena wanu ndi wamkazi ndipo ali pa nyengo yofuna amuna, musiyeni kunyumba.

Zikachitika kuti pakati pa nyimbo waima, kapena wapita kukanunkhiza pomwe wina anagwetsa fupa, musamukalipire pamaso pa anthu ndipo musamukoke khosi. Pitirizani kuponda motsata ng'oma, mutchuleni dzina mokondwa, bwererani chafutambuyo masitepe angapo kuti akutsatireni. Akafika, mupempheni chimene amachikonda koposa, kenako dumphirani ku masekondi 10 omaliza aja. Mukabwerera kunyumba, chigawo chimene anaimirapo muchiphunzitsenso pachokha, ndi chiwindi, pamalo aphokoso pang'ono kuposa pabwalo lanu.